Mkulu ndi mng'ono: momwe ophunzira a Māori amakokerana ku yunivesite

Anzanga, mukayang'ana pa mapu a dziko lonse, kumunsi chakumanja kupitirira Australia, muona zilumba ziwiri zikuluzikulu. Limenelo ndi dziko la New Zealand. Eni nthaka a kumeneko ndi anthu a mtundu wa Māori, ndipo iwowo dzikolo amalitcha Aotearoa. Ndikufuna ndikufotokozereni za ana awo amene amapita ku yunivesite, chimene chimawagwetsa akafikako, komanso njira imene anapeza yoti azidzutsana. Njirayo dzina lake ndi tuakana-teina. Musathawe poona dzina lachilendoli. Mukamva tanthauzo lake mupeza kuti ndi mawu amene timatchula kunyumba tsiku lililonse.

Mawu awiriwa akutanthauza chiyani?

Tuakana ndi mkulu wako, teina ndi mng'ono wako. Koma tamvetserani bwino apa. M'Chichewa mnyamata akati "mng'ono wanga" amanena mnyamata mnzake wobadwa naye, ndipo mtsikana akatero amanena mtsikana mnzake. Mnyamata ndi mtsikana amatchulana "mlongo wanga". A Māori nawonso ndi chimodzimodzi. Tuakana ndi teina ndi anyamata okhaokha kapena atsikana okhaokha, pamene mlongo ali ndi mawu akeake. Chingerezi chilibe zimenezi, mawu ake saonetsa n'komwe kuti wamkulu ndani.

Tonse tikudziwa kuti ukulu ndi ntchito. Mkulu ndi amene amakubereka mayi akapita kumunda, ndi amene amakuperekeza tsiku loyamba ku Sitandade 1, ndipo ukasochera amafunsidwa ndi iyeyo. Salipidwa, komanso sangakane. A Māori anatenga udindo womwewu n'kuulowetsa m'masukulu aukachenjede. Wophunzira wa chaka chachitatu amakhala tuakana wa wophunzira wa chaka choyamba, ngakhale kuti sanabadwe bere limodzi.

Zinatani kuti atsalire pa maphunziro?

A Māori anafika pa zilumbazi pa mabwato zaka zoposa 700 zapitazo, kuchokera ku zilumba zina za m'nyanja ya Pacific. Azungu a ku Britain anabwera mochedwa kwambiri. Mu 1840 mafumu a Māori ndi nthumwi za mfumukazi ya ku Britain anasayina pangano la Waitangi. Koma m'zaka zotsatira malo ambiri a Māori anapita m'manja mwa atsamunda, ena pogula, ena pochita kulanda nkhondo zitatha.

Mu 1867 boma linakhazikitsa lamulo la sukulu za m'midzi ya a Māori, ndipo linkafuna kuti ana aziphunzira m'Chingerezi. Agogo ambiri a mtunduwu anafotokozapo momwe ankakwapulidwira kusukulu chifukwa cholankhula chinenero chawo. Chinenerocho chinadzavomerezedwa kukhala cha boma mu 1987. Tangoganizani, m'dziko lawo lomwe!

Zipsera zake zikuonekabe. Kalembera wa mu 2023 anapeza kuti mwa anthu 100 alionse a ku New Zealand, oposa 17 ndi a Māori. Koma mukawerenga madokotala a m'dzikolo, a Māori safika ngakhale theka la chiwerengero chimenecho.

Amene anatsegula njira

Kukokana kumeneku sikunayambe dzulo. Ku chigawo cha Hawke's Bay kuli sukulu ya anyamata yotchedwa Te Aute College. M'zaka za m'ma 1880 mphunzitsi wamkulu wa pamenepo, John Thornton, anayamba kukonzekeretsa anyamata a Māori mayeso olowera ku yunivesite, pa nthawi imene anthu ambiri ankaganiza kuti ana amenewa n'ngoyenera ntchito zamanja basi.

Mmodzi mwa anyamatawo anali Āpirana Ngata. Mu 1893 iye anakhala munthu woyamba wa mtundu wa Māori kumaliza digiri pa yunivesite ya m'dzikolo. Kenako anaphunzira zamalamulo, n'kukhala phungu wa Nyumba ya Malamulo kuyambira 1905 mpaka 1943. Lero nkhope yake ili pa ndalama ya pepala ya madola 50 a ku New Zealand. Wina wa pa Te Aute pomwepo, Māui Pōmare, anakaphunzira udokotala ku America ndipo anakhala dokotala woyamba wa mtundu wa Māori. Pambuyo pake panabwera Te Rangi Hīroa, amene amadziwikanso kuti Peter Buck. Iyeyu anamaliza udokotala ku yunivesite ya Otago mu 1904, n'kukagwira ntchito yazaumoyo m'midzi pansi pa Pōmare.

Mwaonatu? Onse atatuwa anachokera pa sukulu imodzi, ndipo amene anatsogola ankakoka wom'tsatira. Mu 1897 ophunzira akale a pa Te Aute anapanga bungwe lawo loti azikumana n'kumakambirana zotukula anthu awo. Komabe mu 1906 komiti ya boma imene inafufuza za sukuluyi inalimbikitsa kuti anyamata aziphunzira kwambiri ulimi ndi ntchito zamanja. Khomo limene linatseguka lija linayambanso kutsekeka, ndipo kwa zaka zambiri a Māori ofika ku yunivesite anali owerengeka.

Chimene chimagwetsa wophunzira watsopano

Mwina mukuganiza kuti munthu akangosankhidwa kupita ku yunivesite ndiye kuti zake zayera. Ayi ndithu. Chaka choyamba ndi chimene chimagwetsa ambiri, ndipo si kuti onse ogwawo ndi operewera nzeru.

Choyamba, ophunzira ambiri a Māori amakhala oyamba m'banja mwawo kufika kumeneko. Kunyumba kulibe amene angawauze kasankhidwe ka maphunziro, kalembedwe ka ntchito imene aphunzitsi apereka, kapena ofesi yokadandaulako ndalama zikavuta. Mnzawo amene makolo ake ndi madokotala zonsezi amazimva akudya chakudya chamadzulo.

Chachiwiri, kalasi ya chaka choyamba imatha kukhala ndi anthu mazanamazana m'chipinda chimodzi. Mphunzitsi sakudziwa dzina. Ukajomba sabata yathunthu palibe amene amazindikira. Kwa munthu amene wakulira pakati pa abale ambiri, amene a Māori amawatcha whānau, kusungulumwa kotereku kumapweteka.

Chachitatu ndi manyazi. A Māori ali ndi mawu akuti whakamā, kutanthauza manyazi aja amene amakugwira pakamwa, n'kulephera kukweza dzanja poopa kuti anzako akuona ngati mbuli. Ifenso timawadziwa bwino manyazi amenewa. Paja akulu anati safunsa anadya phula.

Tuākana ya ku Auckland imayenda bwanji?

Mu 1991 mphunzitsi wina wa sayansi ya zamoyo pa yunivesite ya Auckland, Michael Walker, anayambitsa ndondomeko yotchedwa Tuākana. Mawuwa akalembedwa chonchi, ndi kamzere pamwamba pa a, amatanthauza akulu ambiri. Walker naye ndi wa mtundu wa Māori, ndipo amadziwika ndi kafukufuku wa momwe nsomba ndi zamoyo zina zimamvera mphamvu ya maginito ya dziko lapansi pofuna kudziwa kolowera. Iye anaona kuti ophunzira a Māori ndi a ku zilumba za Pacific ankalephera kapena kusiyira panjira maphunziro a chaka choyamba. Ndondomekoyi inayambira m'dipatimenti yake, kenako inafalikira m'nthambi zina za yunivesiteyo. Mu 2011 Walker analandira mphoto yapamwamba ya nduna yaikulu ya dzikolo yopita kwa aphunzitsi a m'masukulu aukachenjede.

Kayendetsedwe kake n'kosavuta kumva. Ophunzira amene anakhoza kale phunziro linalake amathandiza atsopano m'timagulu ting'onoting'ono, kuwonjezera pa kalasi yaikulu ija. Amakhala ndi malo awo owerengera, komwe amadziwana mayina, nthawi zina n'kudyera limodzi. Mayeso akayandikira amabwereza limodzi zimene aphunzira.

Nanga n'chifukwa chiyani wophunzira mnzako angakuthandize pamene pulofesa walephera? Mmene ndikuonera ine, zifukwa zilipo zitatu. Pulofesa anaiwala kalekale pamene phunziro lake limavutira, pamene tuakana wadutsa pomwepo chaka chatha ndipo minga yake akuikumbukira. Kachiwiri, funso limene ungachite nalo manyazi pamaso pa anthu mazanamazana umatha kulifunsa kwa mnzako mutakhala anthu asanu. Kachitatu, kungomuona munthu wa kwanu, wolankhula ngati iwe, atafika chaka chachitatu, mtima umakhala pansi kuti nawenso malo ano ndi ako.

Palinso mawu ena a Māori amene anandisangalatsa, akuti ako. Mawu amodzi omwewa amatanthauza kuphunzira komanso kuphunzitsa. Maganizo ake ndi akuti tuakana naye amapindula. Aliyense amene anayesapo kufotokozera mnzake samu akudziwa kuti pamene ukufotokoza m'pamene umazindikira ngati unaimvadi. Ndiponso maudindowa amasinthana. Mng'ono amene amadziwa bwino chinenero cha makolo atha kukhala mkulu pa nkhani imeneyo, wamkulu uja n'kukhala pansi kumamvetsera.

Kuchoka m'kalasi kupita ku ntchito

Digiri payokha siikupezera ntchito. Pamafunikanso kudziwa kalembedwe ka kalata yofunsira ntchito, kayankhidwe ka mafunso pa intavyu, ndi anthu amene angakuikire umboni. Zinthu zimenezi ana a mabwana amatolera kwa makolo ndi anzawo a makolo. Wochokera kumudzi amayenera kupeza wina womutsegulira chitseko.

Pa za udokotala, yunivesite ya Auckland ili ndi ndondomeko yotchedwa MAPAS, imene inayamba mu 1972. Imapereka malo kwa ophunzira a Māori ndi a ku Pacific pa maphunziro azaumoyo, n'kumawatsatira mpaka atamaliza. Palinso Whakapiki Ake, imene imapita m'masekondale kukathandiza ana a Māori kusankha maphunziro a sayansi nthawi ikadalipo, ndiponso kosi ya chaka chimodzi yokonzekeretsa amene maziko awo a sayansi ali ofooka. Akamaliza amapeza bungwe la madokotala a Māori, Te ORA, komwe madokotala akuluakulu amakumana ndi achinyamata. Kumbali ya makampani kuli bungwe la TupuToa, limene limapezera ophunzira a Māori ndi a ku Pacific malo ophunzirira ntchito pa holide yaitali, akulandira malipiro.

Si onse amene amagwirizana nazo. Anthu ena a ku New Zealand amati kusungira mtundu wina malo ku sukulu ya udokotala n'kukondera, ndipo nkhaniyi imafika mpaka kwa andale. Oikira kumbuyo MAPAS amayankha kuti wolowera njira imeneyi amalemba mayeso omwewo ndi anzake kuti akhale dokotala, komanso kuti dziko likufunika madokotala odziwa chinenero ndi chikhalidwe cha odwala awo. Mkangano umenewu ndi wa malo olowera. Koma zoti mkulu athandize mng'ono sizilanda malo a munthu aliyense, ndipo ndi mbali imeneyi imene ndikufuna tiiganizire.

Nanga ife pano?

Tisanamizane, mbiri yathu ndi ya a Māori si imodzi. Iwo ndi ochepa m'dziko la makolo awo, pamene ife tili ambiri m'dziko lathu. Koma kukhala woyamba m'banja kufika ku sekondale, kuphunzira m'chinenero chimene sitilankhula kunyumba, ndi manyazi ofunsa, zimenezi ambiri a ife pa CDSS ino tikuzidziwa. Ndipo amene adzakhoze bwino MSCE n'kusankhidwa kupita ku yunivesite adzakhala pamodzi ndi ana ochokera ku sukulu zokhala ndi labotale yodzaza ndi zida.

Tuakana-teina siifuna magetsi kapena ndalama. Imafuna munthu amene ali sitepe imodzi patsogolo ndipo wavomera kucheuka. Ndiye ndikupempha zinthu zitatu. Akuluakulu athu a Fomu 3 ndi Fomu 4, aliyense atenge mng'ono mmodzi kapena awiri, kamodzi pa sabata tikaweruka, theka la ola lokha pansi pa mtengo. Ife a Fomu 2 tili pakati: mayeso a JCE akutidikira ndiye tikufuna akulu, koma a Fomu 1 akutiyang'ananso ifeyo, ndipo zimene tinavutika nazo chaka chatha tikuzikumbukira bwinobwino. M'malo mowaopseza ndi kuwaseka akalakwitsa Chingerezi, tiwaonetse kalembedwe ka manotsi. Chomaliza, tipemphe ahedi ndi aphunzitsi athu kuti amene anaphunzira pano n'kupita ku koleji aziitanidwa pa holide kudzatiuza momwe anasankhira maphunziro ndi zimene anakumana nazo chaka choyamba.

Amene akufuna kukhala mkulu wa wina, kapena akufuna mkulu womuthandiza, alembe dzina lake, fomu yake ndi phunziro lake papepala, apereke kwa mtsogoleri wa kalasi yake Lachisanu lisanafike.