Khitchini ya mkamwini ndi chumuni cha fakitale

Mkamwini akafuna kumanga khitchini pamudzi wa apongozi ake, sayamba ndi kuumba njerwa. Amayamba wakhala pansi ndi mwini mbumba. Malo amasankhidwa poona kumene mphepo imachokera: khomo lisayang'ane kumwera, ndipo utsi usamakalowe m'nyumba ya agogo amene chifuwa chinawavuta kale. Wina amanenapo kuti denga likwere pang'ono, wina kuti pakhale kazenera kumbuyo. Zonsezi zimakambidwa nthaka isanakumbidwe, chifukwa khitchini ikangofoleredwa palibe amene angalimbe mtima kunena kuti igumulidwe.

Chilolezo chomangira fakitale yotulutsa utsi chimagwira ntchito mwanjira yomweyo. Kwa a Nsabwe ndi m'madera ena a Thyolo nkhaniyi ndi yapakhomo, poti tiyi amene amathyoledwa m'maesiteti safika m'kapu popanda moto. Masamba akafika kufakitale amawayala kuti afote, amawadula ndi kuwapota pamakina, amawasiya kuti asinthe mtundu, kenako amawaumitsa ndi mpweya wotentha kwambiri. Kutenthako kumachokera ku boyila, ndipo boyila zambiri za kuno zimadya nkhuni za bulugamu. N'chifukwa chake pafupi ndi minda ya tiyi pamakhalanso nkhalango za bulugamu zodzala m'mizere. Esiteti ya Satemwa inayamba mu 1923, ndipo kuyambira masiku amenewo tiyi wa ku Thyolo wakhala akuyenda limodzi ndi nkhuni komanso chumuni.

Mwini mbumba pankhaniyi ndi boma. Lamulo losamalira zachilengedwe la mu 2017, limene linalowa m'malo mwa la mu 1996, linakhazikitsa bungwe loteteza zachilengedwe la MEPA ndipo limanena kuti munthu aliyense ali ndi ufulu wokhala pamalo aukhondo, osaika moyo wake pachiswe. Wofuna kuyamba ntchito yaikulu monga kumanga fakitale amayenera kuchititsa kafukufuku wa mmene ntchitoyo ingakhudzire chilengedwe ndi anthu, amene akatswiri amamutchula mwachidule kuti ESIA. Lipoti lake limapita ku MEPA, ndipo ntchito siyenera kuyamba chilolezo chisanatuluke. Miyezo ya utsi wololedwa kutuluka imakonzedwa ndi bungwe loona za miyezo la MBS.

Mafunso a mu kafukufukuyu ndi omwe aja a pabwalo la apongozi, kungoti ali ndi manambala. Boyila idzawotcha chiyani, nkhuni, malasha kapena mafuta? Idzadya zochuluka bwanji patsiku? Chumuni chidzatalika bwanji, nanga mphepo idzaponya utsiwo pamudzi uti, pasukulu iti? Padzakhala chida chogwira mwaye ndi phulusa zisanatuluke? Funso la mphepoli ku Thyolo kuno ndi lolemera. Chiperoni akabwera m'miyezi yozizira, chifunga chimagona m'zigwa, ndipo utsi umene tsiku ladzuwa ukanakwera n'kumwazika umatsalira pansi pomwe anthu akupuma. Choopsa kwambiri mu utsi ndi tifumbi tosaoneka ndi maso, tochepa kutalitali kuposa kunenepa kwa tsitsi limodzi, timene timafika mkati mwenimweni mwa mapapo. Mu December 1952 utsi wa malasha unasakanikirana ndi chifunga mumzinda wa London kwa masiku ochepa chabe, ndipo anthu masauzande ambiri anafa. Dziko la Britain linakhazikitsa lamulo loletsa utsi wotere mu 1956.

Koma pamene pagona nkhani yonse, kwa ine, ndi pa mawu akuti kusintha. Tinene kuti papita zaka zisanu, mkamwini uja wayamba bizinesi ya masikono. Waika uvuni waukulu m'khitchini yomwe ija, moto ukuyaka kuyambira tambala woyamba mpaka madzulo. Agogo akadandaula, iye akuyankha kuti: "Pepani agogo, koma malowa munandipatsa ndinu, ine ndangokonza mkatimu." Sakunama. Makoma ndi omwe aja, denga ndi lomwe lija. Koma chimene pamudzi anavomereza chinali moto wophikira nsima ya banja limodzi, ndipo chimene chikuyaka tsopano sanafunsidwepo.

Ku America mkangano umenewu wadya zaka zambiri m'makhoti. Mu 1977 anawonjezera m'lamulo lawo la mpweya ndime yakuti fakitale yaikulu yatsopano itenge chilolezo isanamangidwe, ndipo iike zipangizo zabwino kwambiri zochepetsera utsi zimene zilipo panthawiyo. Yaikulu kumeneko ndi imene ingatulutse matani 100 a choipitsa mpweya pachaka pa mitundu ina ya mafakitale, kapena matani 250 pa mitundu yotsalayo. Mafakitale akale anawasiya poganiza kuti adzakalamba okha, koma anati yakale ikasinthidwa kwambiri mpaka utsi kuwonjezeka, nayonso ibwere idzapemphe chilolezo. Eni malo ena opangira magetsi ndi malasha anayamba kusintha zitsulo zikuluzikulu chimodzichimodzi, uku akunena kuti akungokonza zowonongeka. Mu 1999 boma la dzikolo linasumira makampani angapo pa chifukwa chimenechi.

Ife tilibe zimphona zamalasha ngati zimenezo, ndipo chumuni cha fakitale ya tiyi n'chaching'ono poziyerekeza. Komabe mafakitale athu ambiri anamangidwa malamulo athu a zachilengedwe asanabwere, kotero nthawi imene angakumane nawo maso ndi maso ndi pamene akuika boyila yatsopano, kuwonjezera makina oumitsira, kapena kusiya nkhuni n'kuyamba malasha. Ndikuona kuti kusintha kotere kuyenera kubwerera pabwalo nthawi zonse, ngakhale makoma a fakitale asanasunthe. N'zothandizanso kwa mwini fakitale. Kuika chogwira mwaye pamene boyila ikumangidwa n'kotsika mtengo kusiyana ndi kuimitsa makina mu January, masamba ali mbwee m'minda, kuti akonze chimene chinalakwika pachiyambi.

Kafukufuku uja amafuna kuti anthu okhudzidwa afunsidwe maganizo, ndipo apa m'pamene anyakwawa, makomiti a chitukuko a m'midzi ndi amayi othyola tiyi ali ndi mphamvu. Misonkhano yotere kawirikawiri imathera pa za ntchito, mjigo ndi msewu. Zimenezo n'zofunika, ndipo palibe amene angadzudzule munthu wopempha ntchito. Koma pakhale wina woimirira n'kufunsa kuti: "Bwana, mudzawotcha chiyani, utsiwo udzapita kuti nthawi ya chiperoni, ndipo adzabwera kudzauyeza ndani, kangati pachaka?" Yankho lake lilembedwe mu lipoti, ndipo ofesala woona zachilengedwe ku khonsolo ya Thyolo apemphedwe kuti adzawerengere anthu zimene chilolezocho chalamula fakitale kuchita.