Mau Akuti "Wade" Anachokera Kuti?

Tsiku lina aphunzitsi athu a Chingerezi anatipatsa buku lalikulu, nati tiyenera kuchita "wade through" buku lonselo mayeso asanafike. Ine ndinazizwa, pakuti ndinkadziwa kuti "wade" ndiko kuyenda m'madzi, monga ndichitira pamtsinje wa kwathu pobwerera kusukulu nyengo ya dzinja, sutikesi ili pamutu, madzi akulekeza m'chiuno. Nanga m'buku muli madzi? Madzulo ake ndinakafufuza m'dikishonale yaikulu ya sukulu, ndipo zimene ndinapeza nazi, anzanga.

Mauwa ndi akale ndithu. Zaka zoposa 1,000 zapitazo Angerezi ankati "wadan", ndipo tanthauzo lake linali kupita patsogolo basi, ngakhale pamtunda pouma. M'ndakatulo yao yakale yotchedwa Beowulf mauwa anena za chilombo choyenda usiku, nanenanso za ngalawa yoyenda panyanja. Cha m'ma 1200 tanthauzo linayamba kuchepa, kufikira linatsala la kuyenda mobvutikira m'madzi kapena m'matope.

Mauwa ali ndi abale ao. Ajeremani amati "waten", Adatchi amati "waden". M'Chilatini muli "vadere", ndiko kupita, ndi "vadum", ndilo dooko, malo osaya poolokera. Koma tisaganize kuti Angerezi anabwereka "wade" ku Chilatini ai. Onsewa anatuluka m'chinenero chimodzi cha makedzana, monga momwe ife titi madzi, Aswahili nati maji, popanda wina kubera mnzake. Amene anachokeradi ku "vadere" ndiwo "invade", kulowa m'dziko la eni ndi nkhondo, ndi "evade", kuzemba. Ku England kulinso mudzi wotchedwa Biggleswade; kumapeto kwa dzinali kukumbutsa dooko limene anthu akale ankaolokerapo.

Tsono chenjerani polemba chimangirizo, pakuti "wade" si kuoloka kwenikweni. Munthu angathe kuoloka pabwato kapena pamlatho, koma ameneyo sanachite "wade". Wosambiranso sanachite. Pafunika kuti mapazi aponde pansi, madzi akukankha miyendo. Ndipo msodzi wolowa m'madzi kukaonjola mono wachita "wade" ngakhale sanafike tsidya lina. Ndicho chifukwa chake mbalame za miyendo yaitali zofuna chakudya m'madambo azitcha "waders", chimodzimodzinso nsapato zazitali zamphira zolowera m'madzi. "Waddle", kayendedwe ka bakha, anaphuka pa tsinde lomweli. "Wade into" ndiko kulowerera ndeu kapena ntchito ndi mphamvu zonse, osayang'ana kumbuyo.

Apa ndipo ndinamva chimene aphunzitsi anatanthauza. M'bukumo mulibe madzi, koma muli masamba 400 amene akankha wowerenga monga mtsinje wodzala. Nditabwerera kugonero ndinakumbukira zimene atate anandiphunzitsa pamtsinje paja: kuponda phazi limodzi, kulimbitsa, ndi kusuntha linalo pambuyo pake, maso ali tsidya. Wothamanga madzi amamgwetsa, ndipo woima pakati miyendo imamlemera. Chotero ndagawa bukulo masamba khumi usiku uliwonse, ndipo polemba pano ndili pa tsamba 130. Madzi akali m'mawondo, koma kubwerera sindibwerera.