Chingerezi cha MSCE ndi ana a m'mphepete mwa nyanja ku Salima

Kawirikawiri mayeso a Fomu 4 amafika pamodzi ndi mwera. Kumapeto kwa Juni ndi m'mwezi wa Julayi, mphepo ya kummwera ikamawindula nyanja, asodzi a ku Senga Bay, Lifuwu ndi Chipoka amakokera mabwato kumtunda n'kumasoka maukonde podikira bata. Masiku omwewo ana awo amakhala ali m'chipinda cha mayeso, akulimbana ndi mapepala ochokera ku bungwe la MANEB ku Zomba. Mwa maphunziro onse omwe amalemba, pali limodzi lomwe lingathe kufafaniza thukuta la zaka zinayi. Phunzirolo ndi Chingerezi.

Lamulo la MANEB silipita m'mbali. Magiredi a MSCE amayambira pa 1 kulekeza pa 9, ndipo 9 ndiko kulephera. Kuti wophunzira alandire satifiketi ayenera kukhoza maphunziro 6, limodzi mwa iwo ndi kirediti, kapena maphunziro 5 okhala ndi makirediti atatu. M'njira zonse ziwirizi Chingerezi chiyenera kukhalapo. Mwana atha kupeza 1 pa masamu ndi 2 pa Biology, koma akapeza 9 pa Chingerezi satifiketi palibe. Wofuna malo ku yunivesite ya boma amafunika makirediti 6, Chingerezi chili momwemo.

Vutoli silithera pa pepala la Chingerezi lokha. Mafunso a Geography, History, Agriculture ngakhale masamu amabwera m'Chingerezi. Mwana wa kunyanja amadziwa bwino nthawi yomwe chambo chimaswana komanso chifukwa chomwe boma limaletsera makoka kumapeto kwa chaka, koma zomwezi zikafunsidwa m'chiganizo chachitali chokhotakhota, amayankha zomwe sanafunsidwe. Pa mayeso a 2020, omwe adaimitsidwa mu Novembala mapepala atabedwa n'kulembedwanso mu Januwale 2021, adakhoza ndi ophunzira 41 okha pa 100 alionse. Zaka zotsatira chiwerengerochi chidakwerako kufika pakati pa 50 ndi 60. Sikuti olephera onsewo adagwa ndi Chingerezi, koma mwa okhozawo palibe ndi mmodzi yemwe adachilambalala.

Pepala lomwe limaika poyera mphamvu zenizeni za wophunzira ndi lija la note-making ndi comprehension. Malamulo a chiyankhulo munthu atha kuwaloweza, ndipo mabuku a literature amadziwika kukadali zaka ziwiri. Nkhani ya pa comprehension wophunzira amakumana nayo koyamba m'mawa womwewo. Amafunsidwa chifukwa chomwe mtengambali wachitira chakutichakuti, khalidwe lake, tanthauzo la mawu ena molingana ndi momwe agwirira ntchito m'nkhaniyo, kenako aifupikitse m'mawu akeake osapyola muyezo womwe wapatsidwa. Pa note-making amayenera kupeza mutu, kusiyanitsa mfundo zikuluzikulu ndi zothandizira, n'kuzilemba mwachidule. Apa kuloweza kulibe ntchito. Wophunzira amene amangokopera ndime yonse poganiza kuti yankho lili penapake m'menemo amataya malikisi, chifukwa wochonga akufuna kuona ngati wamva.

Mizu ya vutoli ili ku pulayimale. Kwa zaka zambiri mwana wakhala akuphunzira m'Chichewa kuyambira Sitandade 1 mpaka 4, kenako mu Sitandade 5 zonse n'kutembenukira m'Chingerezi nthawi imodzi. Lamulo la maphunziro la 2013 lidati Chingerezi ndicho chophunzitsira, ndipo mu 2014 unduna wa zamaphunziro udalengeza kuti ziyambire mu Sitandade 1. Koma mphunzitsi amene ali ndi ana oposa 100 patsogolo pake amabwerera ku chiyankhulo chomwe anawo akumva, ndipo palibe angamuimbe mlandu. M'madera a mafumu monga Maganga, Pemba, Kuluunda ndi Makanjira muli mabanja omwe kunyumba amayankhula Chiyao, kotero kwa ana awo Chingerezi ndi chiyankhulo chachitatu. Kafukufuku wa SACMEQ wa 2007, yemwe adayesa ana a Sitandade 6 m'maiko a kummwera ndi kuvuma kwa Africa, adaika Malawi kumapeto kwenikweni pa luso la kuwerenga. Ambiri mwa ana omwe amalowa Fomu 1 m'sukulu zoyendera za CDSS amanyamula ngongole imeneyi.

Komatu anthu a kunyanja sikuti mitu yawo n'njouma pa chiyankhulo. Aliyense woyenda mumsewu wa ku Senga Bay adaona anyamata ogulitsa ziboliboli ndi oyendetsa alendo pa maboti akutsatsa malonda, kunenerera mtengo ndi kuseka nthabwala m'Chingerezi chosadodoma. Ena mwa iwo sukulu sadapite nayo patali. Chomwe ali nacho n'chakuti amachimva tsiku ndi tsiku, kuchokera kwa anthu a malilime osiyanasiyana, pa nkhani yomwe ikuwakhudza m'thumba. Wophunzira wa Fomu 3 yemwe amakhala makilomita ochepa kuchokera pamenepo amachimva kwa mphunzitsi yekha, belu lowerukira likalira basi chatha mpaka mawa.

N'zoona kuti mapepala a Chingerezi a MSCE ndi olemba okhaokha, khutu saliyesa. Ichi n'chifukwa chake sukulu zambiri zimanyozera luso la kumvetsera, ndipo n'kulakwitsa kwakukulu. Zaka zinayi zonse za sekondale zimadutsira m'khutu. Mwana amene satha kutsatira mphunzitsi akamafotokoza amangokopera manotsi pa bolodi osadziwa chomwe akulemba. Komanso mawu omwe munthu adawamvapo kangapo sachedwa kuwazindikira akawapeza pa pepala, ndipo chiganizo cholakwika chimamugunda m'khutu asanakumbukire n'komwe lamulo lake.

Chida cha ntchito imeneyi chili kale m'nyumba zambiri: wailesi, kapena foni ya mabatani yokhala ndi FM. Malawi ali ndi mwayi womwe ophunzira ochepa amaugwiritsa ntchito. Wailesi monga MBC ndi Zodiak zimawerenga nkhani za tsiku limodzi m'Chichewa ndi m'Chingerezi momwe. Wophunzira ayambe wamvera za m'Chichewa kuti adziwe zomwe zachitika, kenako amvere za m'Chingerezi ali ndi kope ndi cholembera. Asavutike kugwira liwu lililonse. Alembe mitu itatu kapena inayi, pansi pa mutu uliwonse aikepo mfundo ziwiri m'mawu ochepa: ndani, kuti, chifukwa chiyani. Akatero walemba note-making yeniyeni popanda buku. Pakatha masabata angapo atembenuze dongosolo, ayambe ndi Chingerezi, za m'Chichewa zikhale zodzichongera nazo. Machenjezo a nthambi ya zanyengo okhudza mwera ndi abwino kuyambira, chifukwa ndi aafupi, mawu ake amabwerezedwabwerezedwa, ndipo m'banja la msodzi aliyense amafuna kudziwa zomwe anena. Mwana akamasulira chenjezo lotere kwa bambo ake, makolo amaona ndi maso phindu la sukulu.

Mpira nawo ndi sukulu kwa woufuna. M'mavidiyo sho a pa Salima boma ndi m'misika ya kunyanja, masewero a English Premier League amaulutsidwa m'Chingerezi chothamanga kwa mphindi 90, ndipo zomwe woulutsa akunena zikuoneka pa sikirini nthawi yomweyo. Mnyamata amene angalembe ziganizo zisanu zofotokoza momwe masewero ayendera wafupikitsa nkhani. Mafilimu omasuliridwa m'Chichewa, omwe adzaza m'malo omwewa, amasangalatsa ndithu, koma wophunzira amatulukamo alibe liwu latsopano ngakhale limodzi.

Pa kuwerenga, cholakwika chofala ndi kuyamba ndi zolimba. Akatswiri a maphunziro a ziyankhulo, monga Paul Nation wa ku New Zealand, adapeza kuti munthu amamva bwino nkhani payekha ngati akudziwa mawu pafupifupi 98 pa 100 alionse. Ndiye kuti pa tsamba la mawu 300, achilendo asamapyole 6 kapena kuposerapo pang'ono. Akachuluka, wowerenga amathera nthawi mu dikishonale, ulusi wa nkhani n'kuduka, buku n'kutsekedwa. Wophunzira wa Fomu 3 asachite manyazi kuwerenga timabuku ta nthano ta ku pulayimale ngati ndi pomwe mphamvu zake zili. Chofunika ndi kuchuluka kwa masamba omwe diso ladutsamo. Umboni wake udachokera ku zilumba za Fiji, komwe kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980 Warwick Elley ndi Francis Mangubhai adapereka mabuku a nthano pafupifupi 250 m'kalasi iliyonse ya sukulu zina za kumidzi. Patatha miyezi 8, ana a m'makalasiwo adapita patsogolo pa kuwerenga ndi kumvetsera Chingerezi mowirikiza kawiri poyerekeza ndi anzawo. Anawo anali a kumudzi, ndipo Chingerezi sichinali cha kunyumba kwawo.

Pali buku limodzi lomwe ana a ku Salima ali ndi mwayi wolimva kuposa anzawo a m'tauni. M'zaka zaposachedwa ophunzira a MSCE akhala akuwerenga The Pearl, lomwe John Steinbeck adasindikiza mu 1947, pambali pa Macbeth wa William Shakespeare. Nkhani yake idachitikira m'mphepete mwa nyanja ku Mexico. Kino ndi mmphawi yemwe chuma chake chonse ndi bwato lomwe adasiyiridwa ndi makolo. Mwana wake alumidwa ndi chinkhanira, dokotala akana kumuthandiza chifukwa alibe ndalama, ndipo Kino atapeza ngale yamtengo wapatali ogula agwirizana mseri kuti amupatse mtengo wotsika. Mwana amene adaonapo ogula nsomba akupangana mtengo m'mamawa boti lisanakocheze safuna womulongosolera zimenezi. Amadziwanso tanthauzo la kubooledwa kwa bwato pa banja lomwe limadya za m'madzi. Mphunzitsi wanzeru amayambira pamenepa: amalola ana kukambirana zomwe amaona padoko, kenako n'kuwerenga mokweza mutu wa bukulo iwo akutsatira ndi chala, khutu ndi diso zikugwira ntchito limodzi. N'zomvetsa chisoni kuti ambiri amalowa m'mayeso ataloweza timapamfuleti ta mafunso ndi mayankho, bukulo, lomwe lili ndi mitu 6 yokha, asanaliwerengepo.

Mapepala a mayeso akale ali ndi malo ake, makamaka mu Fomu 4. Amaphunzitsa kusunga nthawi ndi kuzolowera kafunsidwe ka MANEB. Njira yabwino ndi kuwerenga nkhani yonse kamodzi osaima, kuona mafunso, kenako kuwerenganso modekha, ndipo pomaliza kusinthana makope ndi mnzako kuti aone ngati yankho likugwirizana ndi funso. Koma mapepalawa amayeza zomwe munthu wasonkhanitsa kale. Sangabweze zaka zitatu zomwe zidapita popanda kuwerenga.

Chinanso chofunika kuchiunikira ndi chizolowezi cha sukulu zina cholanga ana oyankhula Chichewa kapena Chiyao pabwalo. Cholinga chake n'chabwino, koma zotsatira zake nthawi zambiri ndi ana ongokhala chete. Mwana woopa kusekedwa kapena kupatsidwa chibalo cha kutchetcha sayesa n'komwe. Makalabu a mtsutso, masewero a zisudzo ndi kuwerenga nkhani pa asembule zimatsegula pakamwa kuposa chibalo.

Nthawi ndi kuwala ndizo zimasowa kwambiri kunyanja. Usodzi wa usipa ndi wa usiku, ndipo mnyamata amene wagona pa chilimira amafika m'kalasi maso ali lende. Nyengo ya usodzi pa chilumba cha Mbenji, yomwe imatsegulidwa cha mu Epulo, imakumana ndi miyezi yomaliza yokonzekera mayeso, pomwe ndalama ya msangamsanga imakopa kuposa kope. Atsikana nawo dzuwa limawalowera ali pa thandala loyanikira nsomba, pa mjigo kapena pa moto. Ku Nanjoka, m'boma lomweli, kuli malo opangira magetsi a dzuwa a mamegawati 60 omwe adatsegulidwa mu 2021, koma m'midzi yambiri wophunzira amawerengera tochi ya foni. Pa chifukwa ichi, kulangiza mwana kuti aziwerenga maola atatu usiku uliwonse n'kungotaya mawu. Mphindi 20 za wailesi ndi masamba ochepa dzuwa lisanalowe, tsiku lililonse kuyambira Fomu 1, n'zotheka m'nyumba iliyonse.

Zotsalazo zili m'manja mwa akuluakulu. Makomiti a sukulu ndi a makolo angathe kugula wailesi imodzi ya sola ndi bokosi la mabuku osavuta, mabukuwo azibwerekedwa m'malo mokiyiridwa mu ofesi ya ahedi poopa kung'ambika. Mahotela ndi malo ogona alendo a ku Senga Bay, maofesi a pa boma ndi mabanja ogula The Nation kapena The Daily Times ali ndi milu ya nyuzipepala ndi mabuku omwe adawerengedwa kale. Asanazipereke kwa okulunga mandasi, ayambe afunsa mphunzitsi wa Chingerezi wa pa CDSS yoyandikana nawo ngati akuzifuna.