Pogula Mahedifoni a M'khutu, Yambani ndi Kamphira

Masiku ano nyimbo ndi nkhani za pa wailesi zafika m'thumba la munthu wamba. Mlimi popita kumunda, mwana wa sukulu pobwerera kwao, ngakhale mai wogulitsa pamsika, ambiri amamvera pa lamya ya m'manja kudzera m'tizipangizo tolowetsa m'makutu, timene anthu amati mahedifoni. M'masitolo a ku Chipata, Katete, Petauke ndi Lusaka mahedifoni adzaza, ena ochipa, ena odula. Padziko lapansi palinso anthu amene amakonda zipangizozi kotero kuti amazisonkhanitsa, kuziyerekeza ndi kukangana za mamvekedwe ake monga momwe ena amakanganira za mpira. Nzeru zimene iwo apeza zingathe kupulumutsa ndalama za banja ndi makutu omwe.

Kumene Anacokera

Akulu-akulu adzakumbukira mawailesi ang'ono a mabatire amene anali kubwera ndi kacipangizo kamodzi kolowetsa m'khutu limodzi. Mau ake anali oonda, okwanira kumvera nkhani cabe. M'caka ca 1979 kampani ya Sony ya ku Japan inatulutsa Walkman, ndipo kumvera nyimbo uli paulendo kunafala. Mu 1991 kampani ya Etymotic ya ku America inatulutsa mahedifoni ochedwa ER-4, olowa m'kati mwa khutu ndi kulitseka. Mu 1995 katswiri wa zokuzira mau, Jerry Harvey, anapangira woimba ng'oma Alex Van Halen mahedifoni otere kuti azimva anzake bwino pakati pa phokoso la pabwalo loimbira. Lero ambiri a mahedifoni ochipa koma omveka bwino amapangidwa ku China.

M'kati mwake muli mitundu iwiri yodziwika ya kacipangizo kotulutsa mau. Woyamba, wochedwa dynamic driver, uli ngati sipika ya wailesi yocepetsedwa: maginito, waya wokulungidwa ndi kacikopa konjenjemera. Mtunduwu umatulutsa bwino mau akulu a besi ndi ng'oma. Waciwiri, balanced armature, wakhala ukugwiritsidwa nchito kwa zaka zambiri m'zipangizo zothandiza anthu osamva bwino. Ndi waung'ono kwambiri, kotero opanga amaikamo angapo m'khutu limodzi. Komabe wogula asanyengeke ndi kuculuka kwake. Kamodzi kopangidwa mwaluso kamaposa tisanu tosagwirizana, monga momwe ng'oma imodzi yokungidwa bwino imaposera zambiri zolobodoka.

Kamphira Ndiye Mwini Nkhani

Cinthu cimene anthu ambiri amacipeputsa ndi kamphira kofewa ka kunsonga, kamene kamalowa m'khutu. Nchito yake ndi kutseka njira ya khutu kuti mpweya usatulukire m'mbali. Mau a besi amadalira mpweya wotsekeredwa umenewu. Pakangokhala kampata, besi imathawa, nyimbo ya kalindula imatsala yopanda msana, ndipo womvera amati wagula cinthu cabodza pamene colakwa ndi kamphira cabe.

Cifukwa cake opanga oona mtima amaika timphira ta misinkhu itatu m'bokosi: kakang'ono, kapakati ndi kakakulu. Yesani tonse. Makutu a munthu mmodzi angathe kusiyana, lamanzere kufuna msinkhu wina ndi lamanja wina. Polowetsa, kokerani khutu m'mwamba pang'ono ndi dzanja lina, kenaka lowetsani mofatsa. Mudzadziwa kuti latsekeka pamene phokoso la panja lacepa ndipo mau anu omwe akumveka aakulu m'mutu.

Timphira ta silikoni timakhalitsa ndipo timatsukika ndi madzi a sopo. Ta siponji timatseka kwambiri: mumakafinya ndi zala, kukalowetsa, ndipo kamafufuma m'khutu. Koma timamwa thukuta ndi phula la m'khutu, ndipo timafuna kusinthidwa pakapita miyezi yowerengeka. Poguliranso tina, tengani hedifoni yanu kusitolo, pakuti kamlomo kovekapo kamphira kamasiyana kukula.

Za Nthambo

Pa nthambo ndi pamene ndalama zambiri zimatayika. Pali nthambo zolukidwa mokongola, zokutidwa ndi siliva kapena golide, zimene ogulitsa amati zimasanduliza mau. Zoona zake n'zakuti nthambo ya mkuwa wabwino, yotalika pafupi-fupi mamita 1.2, imapititsa mphamvu ya nyimbo mokwanira, ndipo kusiyana kwake ndi yodula n'kocepa kwambiri poyerekeza ndi kusiyana kumene kamphira kamabweretsa. Makolo anati cikome-kome ca mkuyu, m'kati muli nyerere.

Cofunika pa nthambo ndi kulimba. Mahedifoni ambiri amafa cifukwa waya waduka pafupi ndi pulagi pamene zipangizo za mau zikali zamoyo. Ngati mungathe, gulani okhala ndi nthambo yocotseka, kuti ikaduka mugule nthambo yokha. Malumikizidwe ake ofala ndi awiri: wa mapini awiri a mamilimita 0.78, ndi wozungulira wochedwa MMCX. Awiriwa salowana, conco dziwani mtundu wanu. Pulagi ya malamya ndi mawailesi ambiri ndi ya mamilimita 3.5, ya 4.4 ndi ya makina apadera oimbira nyimbo ndipo singalowe pa lamya wamba. Kuyambira 2016, pamene Apple inacotsa kabowo ka mahedifoni pa iPhone 7, malamya ena alibe kabowoko, ndipo amafuna kolumikizira kogula padera.

Kwa anthu a kumudzi nthambo ili ndi maubwino ena awiri. Siifuna kuchajidwa monga mahedifoni a Bluetooth, ndipo pa malamya ambiri nthambo imeneyi ndiyo mlongoti wa wailesi ya FM. Wofuna kumva Radio 1 ya ZNBC kapena Breeze FM popanda kulipira mabando a intaneti aganizire zimenezi asanagule. Pozula, gwirani pulagi, osati waya, ndipo musakulunge nthambo mothina pa lamya.

Makutu Alibe Sitolo

Kutseka bwino kwa kamphira kumathandizanso umoyo. Munthu amene hedifoni yake ilowetsa phokoso la cigayo kapena la basi amakweza mau kuti amve, ndipo apo ndi pamene makutu amaonongeka. Mu 2015 bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO linacenjeza kuti acinyamata okwana 1.1 biliyoni ali pangozi yoononga makutu ao cifukwa ca mau okwera. Bungweli limalangiza kuti wamkulu asapyole madesibelo 80 kwa maola 40 pa mlungu, ndipo mwana asapyole 75. Mau akakwera ndi madesibelo 3 okha, nthawi yoyenera kumvera imatsika ndi theka. Timaselo ta m'kati mwa khutu tikafa sitimeranso. Ngati makutu alira mutacotsa mahedifoni, dziwani kuti munakweza mopitirira.

Makolo ayang'anire ana pa zimenezi. Wopalasa njinga kapena woyenda m'mbali mwa mseu waukulu asatseke makutu, pakuti sadzamva galimoto. Timphira tisabwerekedwe, ndipo khutu likamapweteka kapena kutuluka mafinya, lekani mahedifoni ndi kupita kucipatala.

Tsiku Logula

Pitani kusitolo ndi lamya yanu ndi nyimbo imene mumaidziwa bwino, kaya ya Paul Ngozi, ya P.K. Chishala kapena ya kwaya ya kwanu. Pemphani kuyesa, ndipo pukutani kamphira musanalowetse. Mverani ngati mau a woimba ali omveka pakati, ngati besi siikumiza zina, ndi ngati mbali zonse ziwiri zikulira mofanana. Khalani nao kwa mphindi zingapo, pakuti hedifoni yopweteka khutu idzangogona m'sutikesi ngakhale ikhale ndi dzina lochuka. Safunsa anadya phula: funsani ngati timphira tina tilimo m'bokosi ndi ngati wogulitsa adzalandira katundu wobwezedwa. Mukatero mudzamva nyimbo yathunthu pa mau otsika, ndipo ndalama yotsala idzagwira nchito ina pakhomo.