Kusankha Kalavani Imene Pikapu Ingakoke Popanda Ngozi

Mwezi wa December ukafika, mseu wa N3 wochokera ku Johannesburg kunka ku Durban umadzaza ndi mabanja opita kukapuma kunyanja. Ambiri mwa iwo amayenda pa magalimoto a pikapu, amene kumeneko amatchedwa bakkie, ndipo kumbuyo amakoka kalavani, kanyumba ka mawilo kokhala ndi mabedi, mophikira ndiponso mosungira ziŵiya. Ena mwa apaulendo otereŵa amafika mpaka m'mbali mwa Nyanja ya Malaŵi. Kalavani imapulumutsa ndalama za malo ogona, koma ikaposa mphamvu za galimoto yoikoka imasanduka mdani. Pa mtsetse wa Van Reenen, pamene mseu umatsika mapiri a Drakensberg, kalavani yolemera mopitirira muyeso ikhoza kukankhira kuphompho galimoto imene muli ana. Nchifukwa chake munthu wofuna kugula kalavani ayenera kuyamba waŵerengera za kulemera kwake asanakopeke ndi makatani ndi mipando ya m'katimo.

Cholakwa chimene anthu amachita kaŵirikaŵiri ndicho kukhulupirira nambala imodzi yokha, ija yolembedwa pa zotsatsa malonda. Mitundu yambiri ya Toyota Hilux, Ford Ranger ndi Isuzu D-Max imalengezedwa kuti ingakoke ngolo ya mabuleki yolemera makilogalamu 3,500. Nambalayi si yabodza, koma imapezeka galimoto ili yopepuka. Ku America opanga magalimoto amatsata muyeso wotchedwa SAE J2807, umene unatuluka koyamba m'chaka cha 2008. Pa mayeso ake, galimoto imakoka ngolo kukwera chitunda cha Davis Dam ku Arizona, mtunda wa makilomita pafupifupi 18, kunja kukutentha madigiri pafupifupi 38 kapena kuposapo. Komabe muyesowo umaŵerengera dalaivala ndi mnzake mmodzi, aliyense wolemera makilogalamu 68. Ana, agogo, zikwama ndi chakudya cha sabata ziŵiri mulibemo.

Tsono pali manambala ena atatu amene mwini galimoto ayenera kudziŵa, ndipo amapezeka m'buku la galimotoyo kapena pa kachitsulo kodindidwa ndi opanga. Yoyamba ndi kulemera kwa galimoto yopanda anthu ndi katundu. Yachiŵiri ndi GVM, kutanthauza malire a kulemera kwa galimoto itanyamula zonse. Munthu akachotsera nambala yoyamba pa yachiŵiri, chotsala ndicho katundu amene galimoto iloledwa kusenza. Yachitatu ndi GCM, malire a kulemera kwa galimoto ndi ngolo yake pamodzi.

Chitsanzo chongoyerekeza chithandiza kumveketsa mfundoyi. Pikapu ina ilemera makilogalamu 2,200 yopanda kanthu, GVM yake ndi 3,100, ndipo GCM yake ndi 6,000. Ndiye kuti ingasenze makilogalamu 900. Makolo aŵiri ndi ana atatu alemera 340, chivindikiro cha kumbuyo ndi zitsulo zina zoonjezera 130, zikwama, chakudya ndi njinga za ana 340. Zonse pamodzi zakwana 810, ndipo kwatsala makilogalamu 90 okha. Koma kalavani nayo imatsamira pa galimoto. Ngati ilemera makilogalamu 1,500 ndipo mphuno yake ipanikiza galimoto ndi magawo 7 pa 100 a kulemerako, ndiye kuti yaonjezera makilogalamu 105. Pikapu ija yapyola kale malire ake, ngakhale kuti ikukoka ngolo yosafika ndi theka lomwe la nambala yolengezedwa ija. Chinanso, pikapu imeneyi ikadzaza kufika pa 3,100, malire a GCM aisiyira makilogalamu 2,900, osati 3,500.

Za kupanikiza kwa mphuno ya kalavani aliyense amene anamangapo ng'ombe pa ngolo adzazimva msanga. Matumba a chimanga akaunjikidwa kutsogolo, goli limapsinja makosi a ng'ombe. Akaunjikidwa kumbuyo, mtengo wa ngolo umatukuka ndipo ng'ombe zimasoŵa pogwira. Ndi momwemonso pa mseu wa tala. Mphuno ikalemera kwambiri, kumbuyo kwa pikapu kumatsika, mawilo a kutsogolo amapepuka, ndipo chiongolero ndi mabuleki sizimveranso bwino. Mphuno ikapepuka kwambiri, kalavani imayamba kugwedeza mchira uku ndi uku. Ku America amalangiza kuti mphuno isenze magawo 10 mpaka 15 pa 100 a kulemera kwa ngolo, pamene ku Britain, kumene makalavani amapangidwa mosiyana, amalangiza magawo 5 mpaka 7. Kulikonseko, kulemeraku kusapyole malire olembedwa pa chitsulo chokoŵekapo ngolo.

Kulemera kwa kalavani yeniyeniyo nakonso kumanyenga. Wogulitsa amakonda kutchula kulemera kwake ili yopanda kanthu, koma palibe banja limene limayenda ndi nyumba yapululu. Lita imodzi ya madzi ilemera kilogalamu imodzi, motero thanki ya malita 100 ndi makilogalamu 100. Pamenepo nkuonjezapo mabotolo a gasi, batire, tenti, mipando ndi mapoto. Wogula wanzeru amaŵerengera GVM ya kalavaniyo, ndipo asananyamuke ulendo woyamba amapita nayo pa sikelo ya magalimoto italongedzwa zonse.

Malamulo a dziko nawonso amaika malire ao. Ku South Africa laisensi ya Code B imalola kukoka ngolo yosapitirira makilogalamu 750. Yoposa pamenepo ifuna Code EB. Ngolo yoposa makilogalamu 750 iyenera kukhala ndi mabuleki akeake. Ngati mabulekiwo ndi aja amene amagwira okha ngolo ikakankha galimoto, GVM ya ngoloyo isaposenso kulemera kwa galimoto yopanda kanthu. Kwa pikapu ya m'chitsanzo chija, malire atsika kufika pa makilogalamu 2,200. Ku Britain, kuyambira pa 16 December 2021, laisensi wamba ya galimoto imalola kukoka ngolo ya makilogalamu 3,500, komabe mabungwe a eni makalavani amalangiza munthu wosazoloŵera kuti asapyole magawo 85 pa 100 a kulemera kwa galimoto yake. Pa pikapu yomwe ija, amenewo ndi makilogalamu 1,870. Mwa manambala onseŵa, wochepa koposa ndiye woyenera kutsatidwa.

Kutalika ndi msinkhu wa kalavani ziyeneranso kuganiziridwa. Khoma lake lili ngati thanga la bwato, ndipo mphepo ya m'mbali kapena lole yaikulu yodutsa moyandikana ikhoza kuikankha. Kalavani yaitali imene ikukokedwa ndi galimoto yaifupi imagwedezeka msanga. Katundu wolemera aziikidwa pansi, pafupi ndi mawilo, osati m'makabati a pamwamba kapena kumchira. Kugwedezeka kukayamba, dalaivala asaponde mabuleki mwadzidzidzi ndiponso asalimbane ndi chiongolero. Achotse phazi pa moto pang'onopang'ono, chiongolero chili chilunjikire, mpaka liŵiro litatsika. Pa mtsetse wautali aloŵetse giya yaing'ono kuti injini ithandize kugwira, chifukwa mabuleki opondedwa kosalekeza amatentha ndi kuleka kugwira ntchito.

Wogula kalavani yogwirapo kale ntchito ayang'anitsitse matayala. Kalavani imakhala chiimire miyezi yambiri, motero matayala ake amakalamba ndi kung'aluka mapazi ake asanathe. M'mbali mwa tayala muli manambala anayi osonyeza sabata ndi chaka chimene linapangidwa: 2319 ndiye kuti sabata ya 23 ya chaka cha 2019. Tayala lopyola zaka zisanu ndi loyenera kusinthidwa ngakhale lioneke latsopano. Ayesenso nyali zonse, unyolo kapena chingwe chotetezera ngolo ikamasuka, ndipo agule magalasi otalikitsa kuti aziona kumbuyo.

Akuluakulu anati walira mvula walira matope. Kalavani yaikulu imabwera ndi mafuta ochuluka, mtunda wautali woimira ndiponso mavuto pokhota ndi pobwerera m'mbuyo. Banja limene lili ndi pikapu kale lichita bwino kulemba manambala a galimoto yao pa pepala, kuchotserapo anthu ndi katundu, ndi kupita kwa wogulitsa pepalalo lili m'manja. Kalavani yopitirira nambala ya pa pepalapo aisiye, ngakhale ikongole chotani.