Burashi ya pa Canvas Siiwala Penti

Wopenta makoma a magolosale pa Khonjeni, pamene pamadutsa njanji yochokera ku Limbe kutsikira ku Makhanga, amadziwa kuti burashi siiwala penti imene yaviikidwamo komaliza. Akamaliza khoma lofiira la Airtel n'kupita pa lobiriwira la TNM osaitsuka, mtundu utuluka wodetsedwa, mwini sitolo n'kukana kulipira. Olemba mapulogalamu ojambula zithunzi pa masamba a pa intaneti amalimbana ndi vuto lomwelo.

Khoma lawo limatchedwa canvas. Kampani ya Apple ndiyo inaliyambitsa mu 2004, ndipo pambuyo pake linalowa mu HTML5, imene inatsirizidwa mu 2014. Ukapanda kutchula kukula kwake, limakhala timadontho 300 chopingasa ndi 150 choimirira. Kuwerenga kumayambira pa ngodya ya pamwamba kumanzere, ndipo manambala amakula ukamatsika, zosiyana ndi zimene tinazolowera m'masamu a kusekondale. Khomali silisunga kuti apa pali bwalo, apo pali mzere. Penti ikagwira, yagwira. Ukafuna kusuntha chinthu, umafufuta n'kujambulanso.

Pa canvas burashi ndi imodzi yokha, ndipo aliyense amabwereka yomweyo.

Tinene kuti kalaliki wa pa esiteti akufuna tsamba la pa intaneti losonyeza munda wa zitsamba za tiyi 400, zothyoledwa kale mtundu wina, zotsala mtundu wina. Kuti chitsamba chimodzi chioneke ngati kabwalo, chilankhulo cha JavaScript chimafuna malamulo anayi: fillStyle kusankha mtundu, beginPath kuyamba chojambula chatsopano, arc kuzunguliza, fill kupaka. Mukaiwala beginPath, kabwalo katsopano kamaphatikana ndi akale, ndipo munda wonse umapakidwanso mtundu womalizawo. Mawa kapitawo n'kutumiza anthu kumene kulibe tsamba lothyola. Komanso arc siwerenga madigiri. Bwalo lathunthu kwa iyo ndi 2π, pafupifupi 6.28.

Apa ndi pamene pamafunika function yothandizira. Malamulo anayiwo mumawamanga pamodzi, n'kuwapatsa dzina, mwina lakuti chitsamba. Kuyambira pamenepo mumangotchula malo ndi mtundu, basi. Function imeneyi ili ngati mnyamata amene wopenta wamuphunzitsa chinthu chimodzi mpaka kuchidziwa bwino.

Koma mnyamata wabwino amadziwika ndi m'mene wabwezera zida. Canvas ili ndi lamulo la translate, losuntha poyambira kuwerenga, monga kusuntha makwerero, ndi la rotate, lopendeketsa. Wothandizira akasuntha makwerero osawabweza, chilichonse chojambulidwa pambuyo pake chimakhala pamalo polakwika, ndipo wolemba pulogalamu amataya tsiku akufufuza cholakwa pamene palibe. N'chifukwa chake pali save ndi restore: loyamba limasunga mtundu, makulidwe a mzere ndi poyambira, lachiwiri limabwezeretsa zonse. Kwa ine, function yojambula imene imasintha zinthuzi popanda awiriwa ndi yosatha, ngakhale chithunzi chake chikongole bwanji.

Otsatira njira yotchedwa functional programming amapitirira pamenepo. Lamulo lawo n'lakuti function ikapatsidwa zinthu zofanana izibweza yankho lofanana, osakhudza china chilichonse pambali. Nanga kupenta si kukhudza khoma? Iwo amachita chonchi: anyamata onse amalandidwa burashi, n'kupatsidwa pepala. Function ya chitsamba sipenta. Imangobweza mawu ofotokoza kuti kabwalo kobiriwira kakhale pamalo akutiakuti. Ina imatenga mafotokozedwe makumi awiri n'kuwaika mumzere. Ina imasanja mizere n'kupanga munda. Pomaliza penipeni, function imodzi yokha imawerenga pepala lonse n'kupenta. Burashi ikadetsedwa, wofunsidwa ndi mmodzi.

Maganizowa si atsopano. Chilankhulo cha Elm, chimene Evan Czaplicki anatulutsa mu 2012, chinali ndi zida zoterezi zosunthira, kutembenuzira ndi kuphatikizira zojambula zisanafike pa canvas. Racket, yogwiritsidwa ntchito pophunzitsa oyamba kumene, ili ndi beside yoika zithunzi moyandikana ndi above yoika china pamwamba pa chinzake. Ubwino waukulu ndi wakuti pepala limayesedwa khoma lisanakhudzidwe: mutha kuwerenga ngati zitsamba zakwana 400 osatsegula n'komwe tsambalo.

Mtengo wake ulipo. Pepalalo limadya malo mu foni, ndipo chithunzi chikamasuntha, chofunika kujambulidwanso ka 60 pa sekondi, kafoni kotsika mtengo kamayamba kutentha ndi kukakamira. Pa kachithunzi ka mizere isanu, othandizira wamba otsuka burashi ndi okwanira.

Palinso msampha umene njira zonse ziwiri zimagweramo. Lamulo la drawImage, loika foto pa canvas, likaitanidwa fotoyo isanamalize kutsika pa intaneti, silijambula kanthu, ndiponso silidandaula. Wolemba pulogalamu ali mu ofesi ku Blantyre sangazione, chifukwa kwa iye foto imafika msanga. Amene amaona khoma lopanda kanthu ndi kalaliki uja, ali kumunda kumene netiweki imavuta. Choncho pamafunika wothandizira wina, wodikira uthenga wa load pa foto iliyonse, n'kulola kupenta pokhapokha zonse zitafika.