Mwana wosakhazikika si mbuli

Pitani pa sukulu ya pulayimale ku Kawale, Chinsapo kapena Area 25, mukam'peza. Ndi mwana uja sakhala pansi mphindi zisanu, amayankha funso lisanathe, ndipo pensulo amataya tsiku ndi tsiku. Aphunzitsi amati ngwamwano. Makolo amati ndi mbuli, ena mpaka kuganiza kuti anam'lodza. Ine ndikuti ayi, mwanayu tikum'lakwira.

Madokotala vutoli amalitcha ADHD, ndipo silinayambe lero: dokotala George Still analifotokoza ku London mu 1902. Pa dziko lonse, ana pafupi-fupi 5 mwa 100 aliwonse ali nalo, ndipo kawiri-kawiri limayenda m'magazi. Choncho bambo amene akum'thira chikoti mwanayu, mwina nawonso anali otere paubwana wawo.

Kuno kwathu pali chinanso. Kafukufuku wa pa chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, wofalitsidwa mu 2010, anapeza kuti mwa ana opulumuka ku malungo a mu ubongo, pafupi-fupi mmodzi mwa 10 aliwonse anasintha khalidwe, nkusanduka wovuta kum'gwira.

Nanga nzeru? Ambiri mwa ana osakhazikika nzeru ali nazo ngati anzawo. Chimawavuta nkuika mtima pa chinthu chimodzi nthawi yaitali. Yemweyo walephera masamuyo, m'siyireni benchi ya tomato pamsika, muona ngati angasokoneze chenji. Mayeso amalakwa poti funso sanaliwerenge mpaka kumapeto, osati poti mutu ngwouma.

Tsono chiyambireni maphunziro aulere mu 1994, makalasi athu ngodzaza, ena ana oposa 100. Mphunzitsi mmodzi angam'samale bwanji? Mwana amabwereza Sitandade 3 kawiri, kenaka nkuitaya sukulu. Mawa tim'peza ku depoti akuitanira minibasi.

Zothandiza zina sizilira ndalama. Aphunzitsi, m'khazikeni kutsogolo, m'patseni ntchito pang'ono-pang'ono, m'tumeni kufufuta bolodi kuti aongoleko miyendo. Inu makolo, ngakhale mwaweruka mochedwa ku geni, khalani naye mphindi khumi pa homuweki, apume, muyambirenso. Akachita bwino muyamikeni pompo. Zikapitirira, pitani naye kuchipatala. Kuno ku Lilongwe a St John of God amaona za matenda a maganizo.

Akulu anati m'mera mpoyamba. Chikoti sichinachizepo ubongo wa mwana, chimangom'thamangitsa pasukulu basi.